Kababu ka Pansi pa Mpando

"Batire lachitatu ili, a Thodoris! Ndinu makaniko kapena wogulitsa mabatire?" anakalipa Lefteris. Njinga yamoto yomwe ankaperekera khofi m'maofesi a ku Trikala inkadzuka yakufa m'mawa uliwonse, ndipo abwana anali atamuchenjeza komaliza.

Thodoris anazula kiyi n'kupima mawaya. Moto wa m'batire unkathabe. Atachotsa mpando, anapeza kachithunzi ka Khristofa Woyera, kababu kofiira kakuyaka patsogolo pake.

"Musakakhudze!" anatero a Evanthia, mayi ake a Lefteris, omwe anamulondola mpaka kugalajako. "Ndinachita kutuma wosamalira tchalitchi kuti akalumikize. Kakuteteza mwana wanga ku ngozi."

"Amayi, njingayo siikulira n'komwe! Sabata ziwiri ndikuyenda wapansi!"

"Ndiye wagwapo?" Mayiwo anachita chizindikiro cha mtanda. "Bwezerani mpandowo, bambo."