Mtsuko wa Amake Tasila

Panali mzimai wina ku Petauke, dzina lake Tasila Daka, wogwila nchito mu ofesi pa boma. Nkhani iyi ndi yoona, a kwao ku Luembe akuidziwa.

Amai ake a Tasila, a Maureen, anali akatswili ofulula mowa wa masau, uja wa chimela cha mapila, wopezeka nthawi yozizila pokha masau akapsa kuchigwa. Anali ndi mtsuko wao umodzi wakuda. Asanamwalile anamuuza Tasila kuti mtsukowo asadzaukhudze ndi sopo. Kungotsukuluza ndi madzi, kuuvundikila, basi. Tasila anavomela osafunsa chifukwa.

Chimwalilile amaiwo, masau akapsa Tasila anali kupempha chuti n'kupita kumudzi kukafulula mumtsuko uja. Sunali wa malonda, unali wa atate ake, a Josphat. Mkuluyo akalandila chipanda anali kumwa pang'ono, kutseka maso, kenako n'kuyamba nkhani za mkazi wao: mmene anakumanilana pachigayo ku Nyimba, mmene anali kuwakalipila akabweleketsa njinga kwa alamu. Miyezi ina yonse sanali kuwatchula n'komwe. Tasila anali kudikila tsiku limenelo chaka chonse, chifukwa ndi pamene amai ake anali kubwelako pakhomo.

Chaka china, pochokela kumudzi, mnzake Karen anamuimitsa ku Nyimba kuti apite limodzi ku loji ina kumene kunali madzulo olawa mowa. Anyamata a ku Lusaka amene amafulula mowa waowao m'mabotolo anabwela ndi mitundu ya nyengo imeneyo. Unali kulawa m'kakapu, kutsuka mkamwa ndi madzi, n'kupita pa wina. Karen anakomedwa ndi wa uchi mpaka anabwelela pamzele kawili. Wa malambe anati ukumveka ngati mankhwala a chifuwa, wakuda wonunkhila khofi anati ndi chimanga chopselela. Tasila analawa yonse nkhope osasintha, nati palibe ngakhale umodzi wofika pa wa amai ake.

Mmodzi wa ofululawo, Webster Kalaluka, anamva. Anafunsa ngati mowa wotamandidwawo uli ndi adilesi kapena ndi wa m'maloto. Tasila anatulutsa m'chola botolo la mowa wotsala wa kumudzi. Webster ananunkhiza, analawa, analawanso.

"Amai, uwu ndi mowa," anatelo. "Koma kumapeto kuli kafungo ka dothi. Mtsuko wanu mumatsuka ndi chiyani?"

Atamva kuti ndi madzi chabe, anaseka. Anati iwo ziwiya zao amazitsuka ndi mankhwala nthawi zonse, kuti litsilo ndilo likubisa kukoma kwa masau. Anamulonjeza kuti akautsuka bwino mtsukowo, chaka chamawa mowawo udzakhala patebulo lomwelo, m'botolo lolembedwa dzina la amai ake.

Panjila Karen anamugwila mkono. "Iwe mwana wa a Daka, amako anati bwanji za mtsuko uja? Munthu wamudziwa lelo lomwe, ndevu zokha ndizo zakunyenga."

Tasila sanamve. M'mutu mwake munali botolo lolembedwa Maureen, anthu a m'tauni akulizunguza m'manja, akufunsa kuti amai amenewa anali ndani.

Masau atapsanso anafika kumudzi ndi sopo waufa, mankhwala oyeletsela zovala ndi waya wokwechela mapoto. Atate ake ali kudimba, anaukwecha mtsuko mpaka mkati munafiila ngati wogula kumene. Anafulula monga mwa masiku onse, koma mowa unakana kuwila. Anamuimbila Webster, iye nati athile yisiti ya m'sitolo. Unawila.

A Josphat anakhala pampando wao, nalandila chipanda. Anamwa. Maso sanatseke. Anamwanso, nayang'ana m'chipandamo nthawi yaitali.

"Ndi wabwino, mwana wanga. Wagula kwa ndani?"

Tasila anaulula zonse. Mkuluyo sanakalipe. Anangomuuza kuti dothi la mtsuko limamwa, ndipo mowa uliwonse umene amake anafulula unali kusiya mphamvu yake m'menemo, yodzutsa mowa wa chaka chotsatila. Kafungo kaja sikanali litsilo, kanali dzanja la amake. Tasila anakhala pamphasa kudikila kuti mwina nkhani ya kuchigayo iyamba. Atate ake anamufunsa ngati msewu wa ku Nyimba aukonza.

Tasila anayesa zonse. Anapempha masese kwa azimai ena ofulula, kuwagoneka mumtsuko, koma mowa unali kutuluka wa eni masesewo. Webster ataulawa anati ndi mowa wamba, wotelo amaupeza paliponse, ndipo nkhani ya botolo inathela pomwepo.

Madzulo ena Tasila akupakila katundu kuti abwelele ku Petauke, atate ake anaima pakhomo.

"Chaka chamawa usadzivute ndi chuti," anatelo motsitsa mau. "Tsiku lija kumanda ndinali kudziwa kuti masau akapsa amako abwela. Manje ndiye tawaika."

Phunzilo: Chimene kholo lakuletsa osakuuza chifukwa, funsa likali moyo, ndipo ngati sunafunse, usachigwile. Mlendo amalawa kamodzi n'kukwela basi, wotsala ndi chisoni ndiwe. Enafe sukulu tinapita, Chingelezi timachilankhula mpaka a ku Lusaka kutipatsa mpando, koma za amai athu sitizikwecha ndi waya. Tumizilani abale anu nkhani iyi, makamaka aja ali m'tauni, asanafike kumudzi ndi sopo.