Loweruka la a Evaristo pa Bwalo la Ndege

A Evaristo Quilodrán anali ataimirira pa khomo lotulukira anthu otsika ndege kuyambira hafu pasiti sikisi, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Madalaivala anzawo onse anali atakweza mapepala a mayina a alendo. Iwo manja anali m'thumba. Mwana wako wobala wekha sumulembera dzina papepala.

"Madala, lerotu mwatchena ngati mukukafunsira mbeta," anatero Nibaldo, dalaivala mnzawo, akuwakoka tayi. "Ndi alendo ati amenewa oti mpaka perefyumu?"

"Ximena akubwera."

Nibaldo anasiya tayi ija. Panalibe dalaivala wa msewu wa kuphiri amene sankaidziwa nkhani ya Ximena.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, Lamlungu lina la mu Julaye, a Evaristo anasiya mkazi wawo Rosalba akubuula pabedi, nanyamula alendo kupita nawo kuphiri kokasewera pa chipale chofewa. Anati abwerera msanga. Koma msewu wa makona makumi anayi uja, Loweruka ndi Lamlungu m'mawa, ndi wa okwera okhaokha. Wotsika amadikira masana. Foni italira kuti mayi athamangira nawo kuchipatala, apolisi anawakaniza kutsika. Anachonderera, anatukwana, analira, koma ayi ndithu. Anafika ku Santiago thupi litafundidwa kale nsalu. Pamaliro, Ximena, mwana wawo mmodzi yekhayo, anangoti, "Munasankha alendo anu." Mwezi usanathe anali atasamukira kunja kwa dziko, ku São Paulo. Za ukwati wake a Evaristo anamvera kwa anthu. Mdzukulu wawo anamuonera pa foni ya mayi woyandikana nawo nyumba, amene anawaonetsa chithunzicho mowamvera chisoni, chisoni chija chowawa kuposa kutukwanidwa.

Ndiye Lachitatu lapitali, mwadzidzidzi, uthenga unalowa: "Bambo, Loweruka 8 koloko m'mawa mudzakhale pa bwalo la ndege ndi minibasi. Tili atatu, tili ndi masikii ambiri. Malo m'galaja mudakali nawo?"

Abale inu, munthu wamkulu anauwerenga uthengawo mpaka batire kutha. Alendo onse a Loweruka ndi Lamlungu anawagawira anzawo, pakati pa Julaye penipeni, mwezi umene dalaivala amadyera chaka chonse. Anatsuka minibasi kawiri. Anayesa matcheni omanga ku matayala poyenda pa chipale, anabwereka mpando wa mwana, anagula mandimu oti kamtsikanako kazikanunkhiza pa makona kuti kasasanze. M'galaja anatayamo matayala akale, nakhoma mashelefu atatu aatali, okwana masikii aja, matabwa otsetserekera pa chipale. Dongosolo lonse linali m'mutu: lero kunyumba, akadye cazuela, msuzi wa nyama ndi dzungu umene Ximena ankaukonda ali mwana, mawa m'bandakucha ulendo wa kuphiri. Ndipo penapake panjira, ena akakhala atagona, adzanena mawu amene akhala akuwayeserera pagalasi masiku atatu: mwana wanga, ndinalakwa.

Ndege ya ku São Paulo inatera. Anthu anatuluka ndi zikwama zawo, ena akukumbatirana, ena akufunafuna mayina awo pa mapepala. Nibaldo anapeza alendo ake, anawagwira a Evaristo paphewa, napita. Khomo linatseguka, linatsekeka, linatsegukanso. Ximena kunalibe. Mtima wa a Evaristo unayamba kuwauza zoipa: wasintha maganizo, wakumbukira maliro aja.

Foni inalira.

"Bambo, muli kuti? Ife tili pamwamba, panja, pa khomo lachitatu."

A Evaristo anaseka mokweza mpaka mayi wina kutembenuka. Ha, zaka zisanu ndi zinayi basi, mwana waiwala ndi bwalo la ndege la kwawo lomwe, mpaka kusokera pamwamba, kolowera anthu okakwera ndege! Anakwera masitepe awiriawiri, bondo lawo lovuta lija ataliiwala.

Anamuona patali. Anali atanenepa pang'ono, ndipo kaimidwe kake kanali ka mayi ake kenikeni. Pambali pake panali mwamuna wamtali atagwira ngolo ya katundu, pamwamba pake zikwama zinayi zazitali za masikii. Kumbuyo kwa miyendo ya Ximena kunabisala kamtsikana kovala chipewa chachikulu.

"Mwafika," anatero Ximena. Anawapsompsona patsaya, mwachangu, monga amachitira munthu ndi mlamu wa mnzake. "Uyu ndi Wagner. Uyu ndi Tainá."

A Evaristo anagwira dzanja la mkamwini wawo ndi manja awiri, kenaka anagwada pansi, jekete la kutchalitchi ndi fumbi lomwe.

"Bwera kuno, mayi wanga. Ndine agogo ako. Kunyumba ndakukonzera chipinda cha amayi ako, ndipo mawa ndikakuonetsa chipale, ukachigwire ndi manja akowa."

Mwanayo sankamva chinenero chawo. Anayang'ana amayi ake, kenaka anavula chipewa chija.

Mphuno yake inali yosupuka. Masaya anali ofiira, opsa ndi dzuwa, koma kuzungulira maso kunali koyera mbuu, pamene pamakhala magalasi. Zaka makumi atatu pa msewu umenewu, a Evaristo ankaidziwa nkhope yotere. Siitsika m'ndege ayi. Imatsika kuphiri, phiri lomwelo limene iwo amakwera tsiku ndi tsiku.

Ximena anayang'ana wotchi yake.

"Ndege yathu inyamuka 10 koloko, Bambo. Takhala kuphiri masiku khumi. Masikiiwa musunge pouma, chaka chamawa tidzatuma munthu adzatenge."