Chala Chamanthu Pansi pa Nyanja

Panali munthu wina amene anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu monga mkulu wa fakitale yopanga makatoni. Antchito ankamutcha Ndanenakale, chifukwa ndiwo mawu amene ankatsekera nawo msonkhano uliwonse. Ofesi yake inali pamwamba, ya zenera lalikulu loyang'ana kumakina. Popeza phokoso silinkalola kumvana, akapitawo ankangomukwezera chala chamanthu ali pansipo, iye n'kubwezera chomwecho. Chalacho chinkatanthauza kuti zonse zili bwino, ndipo china iye sankafuna kuchiona.

Atakwanitsa zaka makumi asanu, tsiku lina anaika chithunzi cha nyanja patebulo lodyera.

"Ntchito ndapuma, nyumba ino ndagulitsa. Tikusamukira kudziko lotentha, ndikasambire pansi pa nyanja mafupa asanaume."

"Kodi munatifunsa, bambo a ana?" anatero mkazi wake, amene anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya m'deralo.

"Ndikukuuzani tsopano. Kufunsa n'kumeneko."

Chitsiriza chawo, mtsikana amene anali atangopeza malo pasukulu ya zoimba, anati, "Nanga maphunziro anga, adadi?"

"Nsomba nazo zili ndi makutu. Ukaziimbira."

Anasamuka ndithu. Anapeza nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi doko, momwe zitsulo zinkachita dzimbiri pa sabata imodzi. Mayi uja ankakhala pakhonde manja ali lende, koma mwamuna wake anawerenga chete ameneyo ngati kuvomera.

Bamboyo ndi mwana wake analembetsa maphunziro a kusambira pansi pa nyanja. Wophunzitsa anali mayi wa imvi, wosathamanga polankhula. Tsiku loyamba sanawalowetse m'madzi, anawakhazika pabenchi.

"Pansi pamadzi pakamwa pamakhala paipi ya mpweya," anatero. "Lilime lanu ndi manja. Tiyambe ndi zizindikiro."

Ndanenakale anaimirira. "Mayi, ine ndayendetsa anthu mazana atatu ndi manja omwewa. Ndabwerera nsomba kuno, osati masewera a sukulu ya mkaka."

"Khalani pansi, bambo. Nyanja sidziwa kuti munali bwana."

Ndanenakale anatuluka. Akanapirira pang'ono pokha, akanamva kuti pansi pamadzi munthu akafuna kunena kuti ali bwino amalumikiza chala chamanthu ndi cholozera ngati mphete. Akakweza chala chamanthu chokha ndiye kuti akunena kuti: tikwere pamwamba tsopano lino, ndipo mnzake saloledwa kutsutsa. Mtsikanayo anatsala, n'kumaliza maphunziro onse, poona kuti m'banjamo panafunika mmodzi wodziwa.

Bamboyo anagula yekha mabotolo a mpweya, magalasi ndi kaboti, ndipo anadziphunzitsa m'madzi osaya mpaka anadziyesa katswiri. M'mawa wina anatenga banja lake kupita pakuya. Povala zida, mwanayo anayesa kumuuza.

"Adadi, chala ichi tikakhala pansi..."

"Iwe, ndinayamba kukweza chala usanabadwe. Manga lamba tizipita."

Mkazi wake anatsala m'boti, awiriwo n'kutsika. Pansipo panali pokongola kuposa chithunzi chija, ndipo mtima wa bamboyo unadzaza: ndani akananenanso kuti analakwa? Patsogolo pake panadutsa kamba wa m'nyanja. Nthawi yomweyo mwanayo anamugwira mkono. Paipi yake inali ikutaya mpweya, kawotchi kosonyeza wotsala kali pofiira. Anakweza chala chamanthu kawiri, katatu, maso ali tong'o.

Ndanenakale anaona zimene anaziona pazenera lake moyo wake wonse. Anakondwa kuti potsiriza mwana wayamikira. Anabwezera chala, n'kutembenuka kutsata kamba uja.

Mpweya utamuthera, mtsikanayo anathawira pamwamba yekha, mwaliwiro limene wophunzitsa uja analetsa. Amayi ake ndiwo anamukokera m'boti, magazi akutuluka m'khutu. Bamboyo atavuuka patapita nthawi, anayamba ndi kufunsa ngati kambayo anamuona.

Kuchipatala dokotala anati moyo wapulumuka mwamwayi, koma khutu lakumanzere silidzamvanso.

"Bwanji sunandiuze, mwanangu?" anafunsa bamboyo ataima pambali pa bedi.

"Muzungulire mbali inayi, adadi. Uku sindikumvani."

Anazungulira, nafunsanso.

"Ndinakuuzani katatu. Munandiyankha kuti zili bwino."

Sabata yomwe mwanayo analoledwa kuyenda ulendo, mkazi wake anamanga katundu.

"Dikirani tikambirane, amake mwana."

"Tikubwerera. Ntchito ndikayambiranso ngakhale kalasi la ana, ndipo uyu akaimba ndi khutu latsalalo. Ndikukuuzani tsopano. Kufunsa n'kumeneko."

Anawaperekeza kubwalo la ndege. Anaima kuseri kwa galasi lalikulu, iwo ali mbali inayo, mawu osamveka. Asanakhote pakona, mwanayo anacheuka, n'kukweza chala chamanthu.

Bamboyo akadali m'nyumba ija ya dzimbiri. Boti anagulitsa, ndipo anabwerera pabenchi pa mayi wa imvi uja, n'kuphunzira zizindikiro zonse, chimodzichimodzi, ngakhale kuti m'madzi salowanso. Koma palibe mphunzitsi amene angamuuze chimene mwana wake ankatanthauza tsiku lija: kaya cha pamtunda chakuti zili bwino, kaya cha pansi pamadzi chakuti ulendo wathera pano. Kumufunsa akuopa.

Phunziro: Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo. Nzeru zimene zinakukwezani pantchito sizikhala nzeru kulikonse, ndipo chete wa mkazi ndi ana si chilolezo. Musanazule banja chifukwa cha loto lanu, khalani pansi mumve, pakuti amene amalipira liuma la bambo kawirikawiri ndi mwana. Tumizirani abambo onse amene akuwerenga masiku oti apume ntchito, makamaka amene anganene kuti izi akuzidziwa kale.