Petro wa ku Nathenje

"Seseretsani chala kumanja, mayi," anatero Lovemore, atadzitsina mphuno kuti mawu asinthe.

Chala cha mayi Zipora chinakanda galasi ngati chikupalira mtedza. Foni inakuwa m'Chizungu, mayiwo n'kuiponya pamphasa.

"Kandilalatiranso kamtsikana ka m'fonika! A Petro, kauzeni kuti ine si mnzake."

Lovemore sanali Petro ayi. Anali mkamwini wa pakhomo pomwepo, ndipo mayi amene anakhala nawo phewa ndi phewa pakhondepo anali apongozi ake enieni. Chikwatirireni Lydia m'mudzi uwu wa kufupi ndi Mitundu, anali asanapondepo mphasa imodzi ndi mayiwa. Akawaona panjira ankapatukira m'chimanga. Moni ankapereka atanjuta kuseri kwa nkhokwe. Banja limeneli silinkaseka ndi mwambo: mkamwini wina anangokhala pakhondepo kuusa mvula, ndipo a Isake, atsibweni ake a Lydia, anamulipiritsa mbuzi. Mpaka lero amayi kumjigo amamuimba nyimbo munthuyo. Lovemore mbuzi akanaipeza, koma nyimboyo ndiyo ankaiopa.

Zonsezi zinadza ndi foni. Maso a mayi Zipora anasiya kuona kalekale, koma ndi kafoni kawo ka mabatani ankaimba bwinobwino, chala chikudziwa njira chokha. Kenako kafoniko kanamira mu ndowa ya thobwa. Mwana wawo wa ku Joni, mwachikondi chosafunsa, anatumiza foni yagalasi, yosalala ngati mbale, yopanda batani loti munthu n'kupapasa. Apa n'kuti Lydia akunyamuka kukadikira kuchipatala, pathupi poyamba, ndipo analira kuti sangakagone kumeneko osamva mawu a amayi ake.

M'mudzi monse wodziwa kudzutsa mawu a m'foni owerengera munthu wosaona anali Lovemore yekha. Anayesa kuphunzitsa ali kuseri kwa nkhokwe, akukuwa kuti, "Kumanja! Gogodani kawiri!" Zotsatira zake apongozi anajambula mawondo awo kambirimbiri, ndipo agalu a m'mudzi anasonkhana. Zinaonekeratu kuti chalacho chimafunika kuchigwira.

Ndiye Lydia anamunong'oneza akukwera kabaza: "Amayi saona. Tsiku la msika atsibweni sakhalapo. Mungokhala Petro, wokonza mafoni ku Nathenje."

Nayu tsono Petro wa ku Nathenje, dzanja limodzi pamphuno, lina litagwira chala cha apongozi ngati khala la moto. Thukuta linali kamukamu. Koma mumtima ankadzitama: nzeru zake zinali kuyenda, mayiwo sanakayike ngakhale pang'ono.

"Mukakhudza kamodzi, kamtsikanako kakuuzani chimene mwakhudza," anafotokoza m'mphuno. "Mukachifuna, gogodani kawiri, msangamsanga."

"Ngati pachitseko cha munthu wogona?"

"Eya, mayi."

Anagogoda mwamphamvu moti foni inadumpha m'manja. Anayesanso. Inayatsa tochi. Anayesanso, inayamba kuimba nyimbo ya dansi, ndipo mayiwo anagwedeza mapewa pang'ono asanakumbukire kuti ndi a chigwirizano. Pang'ono ndi pang'ono chala chinafewa. Chinayamba kutsetsereka chokha, kamtsikana kaja kakutchula maina a m'foni mopotoza lilime, mayiwo akukakonza dzina lililonse mokalipa.

"Inu ndinu mphunzitsi, a Petro," anatero. "Osati mkamwini wanga. Mumamudziwa Lovemore?"

"Pang'ono, mayi."

"Munthu wabwino, koma mantha! Akandiona amathawa ngati ndanyamula nkhwangwa. Chimanga changa cha m'mbali mwa njira chinatha n'kuthyoka. Komanso kudya. Mumadziwa kuti amadya?"

"Ndinamvako, mayi."

"Nanga kuliza mkonono? Timamumva kuno."

"N'zoipa zimenezo, mayi," anavomera Petro, mphuno ikuwawa, mtima ukuwawa koposa. Kudzinena wekha miseche n'kowawa, koma mkamwini asamakule mwendo. Anapirira.

Dzuwa litapendeka, mayi Zipora anabweza dzanja la Lovemore. "Ndisiyeni tsopano, ndiimbe ndekha."

Lovemore anasangalala zenizeni. Ntchito yatha, Lydia amva mawu a amayi ake, ndipo Petro abwerera ku Nathenje osadzaonekanso. Anayang'ana chala chija chikuseseraka. Chinafika pa dzina la Lydia. Chinapitirira.

"Mwadutsa, mayi! Bwererani kumanzere!"

"Lydia ndimuimbira. Ndiyambe ndathokoza mkamwini wanga pondipezera mphunzitsi."

"Alibe netiweki! Ali kudimba! Foni yake inafa!"

Go, go. Kugogoda kwawo kunali kwaukatswiri, monga momwe Lovemore mwini anawaphunzitsira.

M'thumba la buluku la Petro wa ku Nathenje munalira nyimbo ya kwaya, ija mudzi wonse umaidziwa kuti ndi ya foni ya Lovemore. Anaikhalira. Inalirabe pansi pake. Dzanja linachoka pamphuno, ndipo m'makutu mwake amayi a kumjigo anali atayamba kale kuyeserera nyimbo yomuimba iye.

Mayi Zipora anamvetsera nyimboyo mpaka kumapeto, akumwetulira.

"Musayankhe. Mkamwini waulemu sayankha ali pamphasa ya apongozi," anatero. "Dzina la Petro ndinasankha ndine, ndipo Lydia ndinamutuma ndine. Koma zotsina mphunozo n'zanu. Mawa mukamabwera muzisiye, a Petro, mungatifere pakhonde."