Khoko Lopanda Onga

Mapopa anazimitsa kachipangizo komwe kamagwetsera kokha makoko m'makina odzazira zipolopolo. M'shedi ya kalabu yowombera chandamale m'tauni ya Lucan munati zii.

"Mwazimitsiranji, alamu?" anafunsa a Lawson, dzanja lidakali pa handulo ya makinawo.

"Khoko ili ladutsa lopanda onga. Simunalione."

A Lawson anavula magalasi n'kuwapukuta ndi juzi. Pambali pawo panali bokosi la zipolopolo zodzaza kale, lolembedwa dzina la Tupochele, mwana wawo, yemwe anali ndi mpikisano mawa lake.

"Ndi limodzi lokha?"

"Lomwe ndaona ine, eya."

A Lawson anakhuthulira bokosi lonse patebulo kuti zipolopolo zonse ziunikidwenso. Kenako anadzuka pampando n'kuukankhira kwa Mapopa.

"Khalani apa ndinu. Muziika makoko limodzilimodzi, ndi dzanja."