Mtengo wa Njiwa pa Khirisimasi

Padangotero kuti Khirisimasi itayandikira, Khwangwala adakongoletsa mtengo wake ndi mapepala a maswiti otola kudzala.

"Nanga inu, mayi Njiwa," adatero akuseka, "chikondwerero mudyera pachitsa?"

Njiwa adapsa mtima. Adasasula udzu wa chisa chake naluka nyenyezi. Adazulanso nthenga zoyera za pachifuwa, zomwe ankafunditsira ana ake awiri, nazimangirira kunthambi. Mbalame zonse zidagoma.

Masana kudagwa mvula yamphepo. Njiwa adathamangira kuchisa chosasukacho nafungatira ana, koma chifuwa chidalibe nthenga. Mvula itakata, anawo adali atauma gwa.

Khwangwala adatera pafupi nayang'anitsitsa timitemboto.

"Mwapambana ndithu, mayi. Nanga awa mukawataya kuti?"