Bulangete Lili pa Njati

Thoa anapeza bulangete lija m'khola, litamangidwa ndi luzi pamsana pa njati yawo yolimira.

Linali lomwe lija anawagulira bambo ake ku tawuni ya Lao Cai chisanu chitangoyamba, laubweya, lolemera. Tsopano m'mphepete monse munali ndowe.

Bambo akewo, a Luyen, anali chiimire pambali, akutsokomola, atadzipinda m'jekete lawo lakale.

"Bambo, chotenthetsera m'nyumba munachibwezera m'katoni, ati chimadya magetsi. Ndinakhala chete. Lero bulangetenso?"

"Magetsi si mvula, mwana wanga. Sagwa ulere."

"Nanga chifuwachi? Adokotala aja anati chiyani?"

"Ine ndikazizidwa ndimanena. Iyi inena kwa ndani? Njati ya aneba athu a Sinh yafa dzana, miyendo itauma gwa."

"Ndiye mukagonekedwa m'chipatala, adzakudwazikeni ndani? Njatiyi?"

Thoa anamasula luzi mwaukali, nakoka bulangetelo. Khungu la njati linanjenjemera kuyambira pakhosi mpaka kumchira.

Bambo ake anayamba kumasula mabatani a jekete, limodzilimodzi, zala zikukanika ndi kuzizira. Atalivula anatsala ndi malaya opyapyala, nthiti zikuonekera. Analiyala pamsana pa njatiyo, nalisalaza bwinobwino ngati akufunditsa khanda.

Thoa anayang'ana bulangete linali m'manja mwake. Linali limodzi, misana yonjenjemera inali iwiri. Anatsonya.

"Valani jekete lanulo," anatero, akuwerama kutola luzi lija.